Pang'onopang'ono ndi mtolo, ngakhale pa mbale ya ndiwo

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwambiwu timautchula polimbikitsa munthu wosunga ndalama kubanki mkhonde, kapena womanga nyumba njerwa imodziimodzi. Ine ndimauona ukukwanira bwino kwambiri pa mbale ya ndiwo. Thupi limene munthu adzayende nalo pa zaka 60 akulimanga lero ndi zimene akutapa pa nkhomaliro ndi pa mgonero. Khansa zambiri zimakula mwakachetechete kwa zaka zambirimbiri zisanaonekere. Mitsempha ya magazi nayo siuma tsiku limodzi. Choipa chimaunjikana pang'onopang'ono, chabwinonso chimodzimodzi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti masamba tidawaika m'gulu la umphawi. Mlendo akafika, mayi amapepesa kuti, "Pepani alendo, lero ndiwo kulibe," chonsecho pamoto pali nkhwani wotendera. Mwana akayamba ntchito m'tauni, chizindikiro choti zayamba kuyenda ndi kusiya chisoso ndi bonongwe n'kuyamba tchipisi cha pachiwaya, soseji ndi zakumwa zashuga. Sindikunyoza nyama ayi. Ana ambiri m'midzi amapinimbira chifukwa chosowa zakudya zanyama, ndipo pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, zanyama zili pomwepo. Koma masamba ndi zipatso ndi magulu awiri mwa asanu ndi limodziwo, ndipo ndi amene timayamba kuwataya thumba likangolemerako.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku, osawerengera mbatata, chinangwa ndi mbatatesi. Kafukufuku wa STEPS amene adachitika m'Malawi muno mu 2009, n'kubwerezedwa mu 2017, adapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse, oposa 90 safika pa mlingo umenewu. M'dziko loti mango amawolera pansi mu Disembala ndipo luni amamera yekha kuseri kwa khola!

Pali dokotala wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda. Dzina lake lidapatsidwa kwa khansa yotupitsa nsagwada za ana, imene zipatala zathu zimaidziwa bwino. Iyeyu adaona chinthu chinanso: khansa ya m'matumbo, yofala ku Britain, inali yosowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 adayamba kulalikira kuti kusiyanaku kukuchokera m'mbale. Anthu akumudzi ankadya nyemba, masamba ndi ufa wosachotsa gaga, zakudya zodzaza ndi timaulusi tosagayika timene madokotala amati faiba. Timaulusiti timathandiza kuti chimbudzi chisachedwe m'mimba, choncho zoipa sizikhalitsa pa khungu la m'kati mwa matumbo, komanso ndi chakudya cha tizilombo tabwino tokhala m'menemo. Kafukufuku wa zaka zotsatira adatsimikiza kuti odya faiba wambiri ndi mbewu zosapuntha sagwidwa kawirikawiri ndi khansa ya m'matumbo. Ndiye taganizani: azungu adabwera kudzaphunzira pa mbale ya agogo athu, ife tili pakalikiliki kukonola, kuviika ndi kusefa chimanga kuti ufa uyere mbee, gaga n'kupatsa nkhuku. Mgaiwa timati ndi wa kundende kapena wa kusukulu yogonera komweko.

Zimene tikuthamangirazo n'zotani? Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2015 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili ku Lyon m'dziko la France, lidaika nyama yokonzedwa kufakitale, monga soseji ndi poloni, m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Lidati wodya magalamu 50 a nyama yotere tsiku ndi tsiku amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi pafupifupi 18 pa 100. Soseji ya pa Khirisimasi sipha munthu. Nkhani ili pa kabokosi ka mwana wa sukulu komwe mumakhala poloni kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, chaka ndi chaka.

Apa ndiyenera kunena mosapsatira, chifukwa nkhani ya zakudya yalowereredwa ndi amalonda. Masamba ndi zipatso sizichiza khansa. Ngakhale pa kupewa, mphamvu yake ili ndi malire. Kafukufuku wamkulu wa EPIC, amene adatsatira anthu pafupifupi 500,000 m'mayiko 10 a ku Ulaya, adapeza mu 2010 kuti odya masamba ndi zipatso zambiri amatetezekadi ku khansa, koma pang'ono. Chitetezo chimaoneka bwino pa khansa za m'njira ya chakudya, ndipo chimakula kwambiri tikafika pa matenda a mtima ndi sitiroko. Tsono munthu akakuuzani pa WhatsApp kuti madzi a mandimu kapena ufa wa chammwamba umasungunula chotupa, dziwani kuti akufuna ndalama zanu ndipo akudyerani nthawi. Mayi amene akutaya magazi mosadziwika bwino akamakhala miyezi akumwa zosakaniza za m'mabotolo, amakafika kuchipatala madzi atafika m'khosi. Khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri kuno, imayamba ndi kachilombo ka HPV. Chishango chake ndi katemera amene atsikana adayamba kulandira m'dziko lonse mu 2019, ndi kukayezetsa kuchipatala. Papaya salowa m'malo mwa zimenezi.

Mapilitsi a mavitamini nawonso sangalowe m'malo mwa dimba. Asayansi ataona kuti odya karoti ndi masamba obiriwira amadwala khansa mocheperako, adaganiza zotenga chinthu chimodzi cha m'menemo, beta-carotene, n'kuchiika m'mapilitsi. Ku Finland adayesa pa amuna osuta fodya pafupifupi 29,000. Zotsatira zitatuluka mu 1994, anthu adagwira pakamwa: khansa ya m'mapapo idakwera ndi 18 pa 100 mwa amene ankamwa mapilitsiwo. Kafukufuku wina wofanana naye ku America adaimitsidwa mu 1996 pa chifukwa chomwecho. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tsamba la bonongwe lili ndi zinthu zambirimbiri zogwirira ntchito pamodzi, ndipo munthu akakhuta masamba ndi nyemba, malo a zonona ndi zashuga m'mimba amachepa. Botolo la ku famase silingachite zimenezo.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero yafala kwambiri padziko lonse. Amene adaonapo wachibale akulephera kumeza nsima, kenako phala, kenako madzi enieniwa, safuna kuuzidwa kuti matendawa ndi ankhanza bwanji. Ofufuza akuloza kachasu, fodya, utsi wa nkhuni m'khitchini zopanda mawindo ndi chizolowezi chomwa tiyi kapena phala lotentha kwambiri. Mu 2016 a IARC adachenjeza za zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65. Kudikira kuti tiyi apoleko sikufuna ndalama. Palinso chuku. Mtedza ndi chimanga zosaumitsidwa bwino zimachita nkhungu yotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Poizoniyu safa ndi moto wophikira. Ndipo taonani zimene timachita: mtedza wabwino timasankha wa kumsika, wofota ndi wakuda uja timasinja nsinjiro zotendera masamba a ana athu. Ndiwo yabwino timaiwononga tokha.

Za ukalamba, palibe chipatso chobweza imvi. Koma pali kusiyana pakati pa agogo a zaka 75 amene akupitabe kudimba ndi anzawo amene adagwa ndi sitiroko pa zaka 58. Chachikulu chimene chimasiyanitsa awiriwa ndi kuthamanga kwa magazi, kapena kuti BP. Mchere wambiri umakweza BP, pamene potaziyamu wa mu nthochi, mapeyala, nyemba ndi masamba amathandiza kuitsitsa. Kafukufuku wa DASH ku America adaonetsa mu 1997 kuti chakudya chochuluka masamba ndi zipatso chimatsitsa BP m'masabata ochepa chabe. Mchere woyenera patsiku ndi wosapitirira magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wobisala mu buledi ndi m'timabulo tokometsera ndiwo.

Okalamba athu timawalakwiranso mosadziwa. Mano akatha, timangowapatsa phala loyera ndi tiyi wa shuga wambiri, kenako n'kumadabwa kuti akudzimbidwa ndipo miyendo yafooka. Papaya wakupsa, peyala, nthochi, maungu, mbatata yofiira m'kati, nyemba zofewa ndi usipa wosinja safuna mano. Zipatso zakutchire zija, masuku, masau, bwemba ndi malambe, tidazisandutsa zoseweretsa ana, pamene malambe ali ndi vitamini C wochuluka kuposa malalanje.

Kaphikidwe kathu kakufunikanso kukaunika. Soda amafewetsa chigwada ndi therere mwachangu, inde, koma amapha vitamini C ndi vitamini B1. Masamba owiritsidwa mpaka kuda, madzi ake n'kutayidwa, amafika pambale atatha mphamvu. Madzi ochepa, nthawi yochepa, tomato ndi nsinjiro zabwino kapena kadontho ka mafuta, popeza vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Koma chigwada chiyenera kusinjidwa ndi kupsa mokwanira chifukwa cha ululu wake.

Wina anena kuti masamba amadula mu Okutobala, ndipo akunena zoona. Madimba amauma, mulu wa repu umachepa, mtengo wake n'kukwera. Amayi athu ankaidziwa miyezi imeneyi, n'chifukwa chake dzinja likamatha ankafutsa nkhwani, khwanya ndi chisoso n'kusunga m'zikwatu. Mfutso wowiritsidwa pang'ono n'kuyanikidwa pamthunzi umasunga mavitamini ambiri kuposa woyanikidwa padzuwa lamphamvu, ndipo mango odulidwa mopyapyala amauma chimodzimodzi. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo aziphunzitsa luso limeneli m'midzi ndi m'matauni momwe, mu Malichi ndi Epulo, masamba akadali mbwee m'minda.