Sikani siona matenda onse a m'mimba

Pa Chinakanaka, monga m'misika ina ya ku Mulanje, mphekesera yakuti munthu akangosikanitsa ndiye kuti nthenda iliyonse ya m'mimba yaonekera yazika mizu. Wodwala akauzidwa kuti sikani sinapeze kanthu, achibale amati basi, izi si zachipatala. Maganizowa ndi olakwika, ndipo akuchedwetsa anthu kulandira thandizo.

Kachipangizo kamene dokotala amayendetsa pamimba ya wodwala ali chigonere pabedi kamatumiza mafunde a phokoso losamveka m'khutu, ndipo mafundewo akabwerera amajambula chithunzi. Amadutsa bwino m'madzi ndi m'ziwalo zolimba, koma akakumana ndi mpweya amathera pomwepo. Nchifukwa chake sikani imaonetsa bwino chiwindi chimene chaonongeka ndi likodzo la m'matumbo, kapamba wotupa, miyala mu ndulu komanso madzi odzaza m'mimba. Njira ya sikani yotchedwa FASH, imene Tom Heller ndi anzake anaiyambira ku Hlabisa ku South Africa, imathandiza kupeza TB yobisala m'mimba mwa anthu amene ali ndi HIV. Phindu limeneli ndi lalikulu zedi, ndipo palibe akulitsutsa.

Koma chifu ndi matumbo zimakhala ndi mpweya. Zilonda za m'mimba, zimene anthu ambiri amadandaula nazo, kawirikawiri sizioneka pa sikani. Zimafuna kamera ya pa kachubu kolowetsa kukamwa, monga amachitira ku chipatala cha Queen Elizabeth, ku Gulupu kuja, ku Blantyre. Nako kachilombo ka Helicobacter pylori kamene kamayambitsa zilonda zambiri, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren analandirira mphoto ya Nobel mu 2005, kamapezeka poyeza chimbudzi, magazi kapena mpweya wopuma.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi khansa ya kummero. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene nthendayi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo sikani ya pamimba ikhoza kutuluka bwinobwino munthu nsima ikumukanira pakhosi.

Choncho aliyense amene akuvutika kumeza, akusanza magazi, akuchita chimbudzi chakuda bii kapena akuonda mosadziwika bwino, abwerere kuchipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Mulanje Mission, ngakhale sikani itati zonse zili bwino, ndipo akafunse ngati pakufunika kuyezedwa kwina.