Gawo la msonkho wa inshuwalansi lipite kwa ozima moto

Mu 2017 dziko lonse linakangana za magalimoto 42 ozimira moto amene boma linagula pa madola 42 miliyoni. Tinakamba za mtengo mpaka pakamwa kuuma. Za munthu amene amakwera galimotoyo, ndi cimene adzadya akadzakalamba, sitinakambe.

Ozima moto kuno kwathu ndi anchito a khonsolo. Amene analembedwa kale penshoni yao ili ku LASF, thumba la anchito a makhonsolo. Amene analowa nchito kuyambira mu 2000 ali ku NAPSA, kumene wanchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro, womulemba nchito n'kuikapo 5 ina. Papepala zili bwino. Vuto n'lakuti ndalamazo zimadutsa m'manja mwa khonsolo, ndipo makhonsolo ambiri akhala ndi nkhongole ku mathumba amenewa kwa zaka. Khonsolo imene ivutika kulipira anchito pakutha kwa mwezi siingathamangire kutumiza za penshoni. Munthu amazindikira zimenezi atapuma nchito, msana utatha, cifuwa cili ndi utsi wa zaka 30.

Kwina anapeza njira ina. Ku Minnesota, m'dziko la America, ozima moto ambiri ndi odzipereka cabe, anthu a nchito zao amene amathamanga akaitanidwa. M'matauni ambiri ali ndi bungwe lao lothandizana, losiyana ndi khonsolo, lokhala ndi thumba lake. Ndalama zikulu zimacokera ku msonkho wa 2 peresenti umene boma limatenga pa inshuwalansi ya moto. Nzeru yake njosavuta: moto ukazimidwa msanga, kampani ya inshuwalansi ndiyo imapulumutsa ndalama, conco nayonso ithandize kusunga wozimayo. Pa anthu 9 oyang'anira thumba, 6 amasankhidwa ndi ozima moto eni ake, 3 amacokera ku khonsolo. Mabuku amapita kwa wofufuza ndalama za boma. Thumba likaperewera, lamulo limakakamiza khonsolo kuthirapo. Munthu akagwira zaka zosacepera 5 ndi kufika zaka 50 zakubadwa, angayambe kulandira.

Sitikuti kumeneko zonse n'zosalala. Tauni yaing'ono imakhala ndi thumba laling'ono, ndipo munthu wodziwa kugwira paipi sadziwiratu kuika ndalama pamalo opindula. N'cifukwa cake boma lao linatsegula thumba limodzi lalikulu limene mabungwe ofuna angalowemo. Koma ndalamayo ili ndi dzina, ndipo khonsolo siingaitenge kukagulira mafuta a galimoto ya bwana.

Ife msonkho wa pa inshuwalansi tili nao kale. Unayamba pa 3 peresenti, tsopano uli pa 5, ndipo umalowa m'thumba lalikulu la boma. Ena adzati ndi anthu ocepa m'Zambia amene ali ndi inshuwalansi ya moto. N'zoona, amalonda ambiri amene katundu wao anapsa pa City Market mu Lusaka mu 2017 analibe. Koma mabanki, migodi, mafakitale ndi masitolo akuluakulu ali nayo, ndipo ozima moto si khamu lalikulu ngati aphunzitsi.

Tipempha aphungu athu a Nyumba ya Malamulo: gawo la msonkho wocokera pa inshuwalansi ya moto lipatulidwe, lizipita mwacindunji ku penshoni ya ozima moto osadutsa ku khonsolo, ndipo ozima motowo akhale ndi mipando pa bungwe loliyang'anira.