Ana a ku Kabwe asaweruzidwe ndi kafukufuku wa anthu ochepa

Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'magazi a ana athu. Ndiye ndimapsa mtima wina akandiuza kuti sayansi inatsimikiza kale kuti mankhwala ochotsa mtovu m'thupi sathandiza ubongo wa mwana. Inatsimikiza pa ana ati?

Kafukufuku amene amamutchulayo anachitikira ku America ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2001. Anatenga ana 780 okhala ndi mtovu wa pakati pa mamaikulogalamu 20 ndi 44 pa desilita ya magazi. Mankhwala a succimer anatsitsa mtovuwo, koma nzeru za ana sizinasinthe. Zimenezo n'zoona. Koma ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, madera a ku Kabwe, anapezeka ana ambiri okhala ndi mtovu wopitirira 45, ena opyola ngakhale 100. Ana otere sanalowe n'komwe m'kafukufukuyo!

Kuno ku Highridge, ku Kabwe, timamva kuti ofufuza abwera, atenga magazi a ana mazana angapo, kenako awagawa: anyamata apa, atsikana apo, oyamwa uko, okhala pafupi ndi mulu wa zinyalala za mgodi kwina. Pofika kumapeto gulu lililonse latsala ndi ana owerengeka pa zala. Akalemba kuti sanaone kusiyana, sizitanthauza kuti kusiyanako kulibe. Ukonde wa mabowo aakulu sugwira usipa. Akatswiri a ziwerengero amadziwa kuti pofuna kuona ngati mankhwala akugwira mosiyana m'magulu awiri, pamafunika anthu ochuluka pafupifupi kanayi kuposa ofunika pongoona ngati mankhwalawo amagwira ntchito.

Kugawagawa kumanamizanso mbali inayo. Mu 1988 kafukufuku wa ISIS-2, wa odwala mtima oposa 17,000, anaonetsa kuti aspirin amapulumutsa moyo. Ofufuzawo atagawa dala odwala potengera nyenyezi za mwezi wobadwa, zinaoneka ngati a Gemini ndi Libra sanathandizidwe. Zinangochitika mwangozi, ndipo anachita zimenezi kuti atichenjeze.

Choncho opereka ndalama za kafukufuku, komanso unduna wa zaumoyo ku Lusaka, asavomereze ntchito yotengera ana athu magazi popanda kunena poyambirira magulu amene akufuna kuyerekeza ndi chiwerengero cha ana chofunika pa gulu lililonse. Mayi amene wagwira mwana wake akulira pobayidwa jekeseni ali ndi ufulu wofunsa funso limeneli asanasaine, ndipo ngati ndalama sizikukwana kuyankha za ana odwala kwambiri, amuuze zoona pomwepo.