Nesi wathu asakalambile pa sitepe yoyamba

Ciwelu cina mwezi watha ndinali pa kicheni pate ku Lubuto, mu Ndola. Ng'oma zitaleka pang'ono, mai wina anatembenukila mnzake n'kufunsa mokweza kuti, "Nanga mwana wanu uja ali ku Canada, ni sista pa cipatala citi manje?" Amai ofunsidwawo anaseka, ati "ali cabe bwino, asebenza," n'kuyamba kumanga citenge cimene sicinamasuke n'komwe.

Ine ndinadziwa cimene anali kubisa, cifukwa mwana wawoyo tinali kalasi imodzi ku sekondale ndipo timakambilana pa WhatsApp mpaka lelo. Kuno anali registered nurse wa dipuloma ya zaka zitatu, ndipo anasewenza zaka zinai mu wodi ya ana. Kumene ali tsopano ali ndi laisensi yaing'ono, ya practical nurse, ndipo amalandila malangizo kwa manesi ena amene anamaliza sukulu pambuyo pake. Kwa amai ake nkhaniyi ni yocititsa manyazi, ndiye cifukwa cake saichula pagulu.

Manyazi amenewa tiwataye. Mwana amene watsika sitepe imodzi kuti apeze polowela sanalakwe ciliconse. Cimene ciyenela kutidetsa nkhawa ni cakuti ambili akatsika sakwelanso, ndipo kawilikawili amene amawagwila mwendo ndife acibale otsala kuno ku Kopala.

Tiyambe tamvetsa mmene zinthu zilili. Laisensi ya unesi siwoloka malile. Pepala la Nursing and Midwifery Council of Zambia, bungwe limene linalowa m'malo mwa General Nursing Council potsatila lamulo la manesi ndi anamwino a azimai la mu 2019, limakupatsa mphamvu yogwila odwala mu Zambia muno basi. Ukafika dziko lina, khonsolo ya kumeneko imayamba yafufuza zimene unaphunzila, maola amene unakhala m'kalasi, maola amene unakhala mu wodi, ndiyeno imakupatsa mayeso ake. Ifenso timacita cimodzimodzi. Mwana wa ku Riverside amene makolo anamutumiza kukaphunzila unesi ku India kapena ku China sangangotsika ndeke pa Simon Mwansa Kapwepwe n'kuvala yunifomu mawa lake. Mapepala ake ayenela kutsimikizidwa, ndipo khonsolo yathu iyenela kumulembetsa coyamba. Conco zimene anzathu akukumana nazo kunja si cipongwe copangila anthu a ku Zambia okha.

Ku America kuli malaisensi awili. Wofuna kukhala registered nurse amalemba mayeso ochedwa NCLEX-RN, pamene wofuna kukhala practical nurse amalemba NCLEX-PN. Practical nurse, amene ambili amangoti LPN ndipo ku California ndi Texas amati LVN, maphunzilo ake amatenga pafupifupi caka cimodzi, ndipo amasewenza moyang'anilidwa ndi registered nurse kapena dokotala. Boma la cigawo ciliconse lili ndi malamulo ake. Anzathu a ku Philippines, amene akhala akutumiza manesi kunja kwa zaka zambili, anaiona nkhaniyi ku California: ambili anakanidwa kulemba mayeso a RN cifukwa maphunzilo a m'kalasi ndi a mu wodi sanacitike pa nthawi imodzi monga mmene malamulo a kumeneko amafunila, ndipo ena anayamba atenga laisensi ya LVN kuti apeze cakudya. Ku Canada nako munthu angapemphe kuti mapepala ake aunikidwe pa maudindo onse awili, ndipo kawilikawili citseko caciwili n'cimene cimatseguka msanga.

Kwa ife zimenezi si zacilendo. Ndani pa Kopala pano amene sanalasidwepo nyeleti ndi enrolled nurse? Azimai amenewa anali kuphunzila zaka ziwili, ndipo ndiwo ananyamula makiliniki a m'makomboni ndi a kumidzi kwa zaka zambili. Ambili mwa iwo anabwelela ku sukulu ali ndi ana kale, n'kukhala ma registered nurse, ena mpaka kuyang'anila mawodi. Palibe amene anawaseka. Tinali kuwaimbila m'manja pa galajuweshoni. Nanga n'cifukwa ciani njila imodzimodziyo ikacitikila ku Toronto kapena ku Dallas tiyamba kuweramitsa mitu?

Sitepe yoyambayi ili ndi ubwino wake woonekelatu. Munthu amayamba kulandila malipilo, amalipila lendi yekha, amaleka kugona pa mpando wa m'nyumba ya mnzake. Amaphunzila maina a mankhwala a kumeneko, kalembedwe ka malipoti pa kompyuta, ndiponso kakambidwe ka odwala amene Cizungu cawo cimathamanga kuposa ca aphunzitsi athu. Mnzanga uja anandiuza kuti, "Mwezi woyamba n'nali kungoti pardon, pardon. Sembe n'nayamba monga RN tsiku lija, sembe n'nalakwitsa cinthu cacikulu." Mau amenewa acokela kwa munthu amene anagwilapo ana odwala malungo usiku wonse kuno kwathu, conco si kudzicepetsa kwa bodza.

Koma pali zinthu ziwili zimene wacinyamata wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu ayenela kudziwa asanagulitse puloti ya atate ake.

Coyamba, laisensi ya practical nurse si tikiti yopitila ku America. Njila yapadela imene dzikolo limapelekela mapepala okhalila kwa manesi ocokela kunja inakonzedwela ma registered nurse. Amene amapindula ndi LPN nthawi zambili ni aja amene ali kale m'dzikomo mwalamulo, mwina kupitila mu ukwati kapena acibale. Ejenti akakuuzani pa Facebook kuti "lipilani cabe, mukalembe PN, viza ni yosavuta," mufunseni akuonetseni lamulo lake. Akayamba kukamba zambili, sungani ndalama yanu. Safunsa anadya phula.

Caciwili cikhudza dziko la UK, kumene ambili a ife tili ndi acibale. Kumeneko manesi athu ambili analowela pa nchito ya carer, yosamalila nkhalamba ndi olemala, makamaka kucokela mu February 2022 pamene nchitoyi inaikidwa pa viza ya anchito a zaumoyo. Koma carer alibe laisensi ya unesi olo pang'ono. Kuti nesi wa ku Zambia alembetsedwe kumeneko ayenela kuonetsa kuti Cizungu acidziwa, nthawi zambili mwa kupasa IELTS kapena OET, kenako mayeso a pa kompyuta ochedwa CBT, ndiyeno mayeso a manja ochedwa OSCE amene amacitikila ku UK komweko. Ndipo citseko ca u carer cakhala cikutsekeka. Mu March 2024 analetsa ma carer atsopano kutenga amuna awo, akazi awo kapena ana, ndipo kuyambila pa 22 July 2025 analeka kupeleka viza imeneyi kwa ofunsila ali kunja kwa dzikolo. Aliyense amene akali kusonkhetsa ndalama mu Kitwe muno ati akupezelani malo a carer ku Manchester akugulitsani mphepo. Amene ali kale kumeneko nawo aone kuti malamulo akusintha caka ndi caka, ndipo cimene cingawaimike bwino ni kulembetsedwa monga nesi.

Tsopano tibwele pa ife otsala. Mwana akangotumiza cithunzi coyamba ali mu jekete pa sinoo, foni yake imasanduka ofesi ya mavuto a banja lonse. Mlongo afuna ya sukulu, amalume afuna feteleza, kaloba amene anabweleketsa ya tikiti afuna yake ndi ciwongoladzanja, malilo akagwa ku Wusakile bokosi ni iye, nyumba ya ku Ndeke iyenela kufika pa windo levo Khisimasi isanakwane. Mwanayo sakana, cifukwa anakula akumva kuti anaphunzitsidwa ndi ndalama ya tomato wa pa Chisokone. Ndiye amatenga shifiti ya usiku, n'kuwonjezela ya Sondo. Buku la mayeso limakhala pansi pa bedi. Akati caka camawa, caka camawa cimabwela ndi mavuto ake.

Pamene iye akuzengeleza, mapepala sayembekezela. Zotsatila za IELTS zimagwila nchito zaka ziwili cabe, zikatha ulembenso ndi kulipilanso. Makhonsolo ena amafunsanso kuti unasewenza liti komaliza pa udindo umene ukupempha. Ku Ontario, mwacitsanzo, amayang'ana zaka zitatu zapitazi. Nesi amene wakhala nthawi yaitali osagwila nchito ya registered nurse angauzidwe kuti abwelele m'kalasi, ndipo sukulu ya kumeneko si yochipa. Apa m'pamene sitepe ija imasanduka mpando. Munthu amene anali kuika dilipu pa mwana wa miyezi iwili magetsi atazima amafika zaka 45 akali pa malipilo a pansi, msana utatha, luso litazilala.

Tikawelengela bwino, banja limene likukama mwana lelo likudzidyela mbeu. Registered nurse amalandila zambili kuposa practical nurse, ndipo kusiyana kwake ndi carer n'kokulilapo. Miyezi isanu ndi umodzi ya kupilila, pamene mwana acepetsa mashifiti kuti awelenge ndi kulipila mayeso, ingasinthe zimene banjalo lidzalandila kwa zaka makumi awili. Timadziwa kudikila cilimba mpaka tsiku lathu litakwana. Tingalephele bwanji kudikila mwana wathu?

Conco kwa makolo ndi acibale, pempho langa ni ili. Mukakamba naye pa foni Sondo likubwelali, musayambe ndi mndandanda wa zofunika. Mufunseni kuti mayeso alemba liti, ndipo ndalama yake ni zingati. Mugwilizane monga banja kuti kwa miyezi yakutiyakuti azitumiza ya unga ndi mankhwala a ambuya basi, zina ziyembekeze. Ndipo pa kicheni pate mukafunsidwa, yankhani mutu uli m'mwamba kuti ni practical nurse, akonzekela mayeso a RN. Mwana akadziwa kuti kwawo sacita naye manyazi, saopa kukamba zoona, ndipo sadzikakamiza kutumiza ndalama imene alibe pofuna kuoneka monga zinthu zili bwino.

Kwa inu manesi amene mukali kuno ndipo mtima uli pa ulendo, konzani mapepala musanakwele ndeke. Tengani thilansikilipiti yoonetsa maola a phunzilo lililonse, a m'kalasi payokha ndi a mu wodi payokha, cifukwa n'zimene amayang'ana kunja. Laisensi yanu ya kuno isafe, muziilipila caka ciliconse. Welengani malamulo pa webusaiti ya khonsolo ya cigawo cimene mukupitako, osadalila za m'gulu la WhatsApp. Ngati mwasankha kuyamba ndi laisensi yaing'ono, lembani deti la mayeso aakulu pa khoma tsiku limene mwalandila malipilo oyamba, ndipo ndalama ya mayesowo muziipatula musanatumize iliyonse kunyumba.

Makoleji athu a unesi ndi khonsolo nawonso ali ndi mbali yawo. Makhonsolo ambili a kunja salandila mapepala ena ocokela m'manja mwa wofunsila, amafuna kuti sukulu ndi khonsolo ya kwawo zitumize zokha. Kalata imodzi ikagona pa tebulo miyezi itatu, kwinaku zotsatila za Cizungu zikutha mphamvu. Nchito imeneyi iyenela kukhala ndi masiku odziwika ndi mtengo wolembedwa poyela, kuti pasapezeke wina wopempha ya dilinki.

Ena adzafunsa kuti, n'cifukwa ciani nyuzipepala ikuthandiza manesi kuthawa pamene mizele pa Kitwe Teaching Hospital, Ndola Teaching Hospital ndi Arthur Davison ni yaitali? Funsoli n'lomveka. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi anchito a zaumoyo ocepa kwambili, ndipo maiko olemela sayenela kubwela kudzakopa anthu m'maiko amenewa, ngakhale kuti munthu payekha saletsedwa kufunsila nchito. Boma linalemba anchito a zaumoyo opitilila 11,000 mu 2022, ndipo tinayamikila. Koma makoleji akutulutsa manesi caka ciliconse, ndipo tonse tidziwa mtsikana wa dipuloma amene akugulitsa salaula kapena kukhala mu kabuti ka mobile money, kapena amene wadzipeleka pa kiliniki zaka ziwili popanda malipilo akuyembekezela dzina lake pa mndandanda. Munthu wotele simungamuuze kuti akonde dziko ndi mimba yopanda kanthu. Mankhwala a kuthawa kwa manesi ni kuwalemba nchito kuno ndi kuwalipila bwino. Ndipo ngati ena apitabe, n'kwabwino kwa Zambia kuti akakhale manesi okwana, amene tsiku lina angabwelele ndi luso la ku ICU kapena ku fiyeta n'kudzaphunzitsa ana athu, kusiyana n'kuti luso limene tinalipilila ngati dziko likathele pa kuyala mabedi.

Mnzanga uja analipila kale mayeso ake a RN. Anauza a kwawo kuti nyumba iyamba yaima pa windo levo mpaka atalemba, ndipo kwa milungu iwili mlongosi wake sanali kuyankha mauthenga ake. Amai ake ndiwo anathetsa nkhaniyo. Anaitana ana onse n'kuwauza kuti aliyense wofuna ndalama ya ku Canada ayambe wabwela kwa iwo.