Ndolo ya ng'ombe ndi yabwino, koma asaiveke mokakamiza

Pa 5 Novembala 1996 kapena chaka china chilichonse cha m'mbuyomo, mlimi wa ku America akadauzidwa kuti tsiku lina boma lidzafuna kuti ng'ombe yake ivale ndolo yowerengeka ndi makina, akadaseka. Koma pa 5 Novembala 2024 lamulo lotero lidayamba kugwira ntchito. Lidachokera ku unduna wa za malimidwe wa dzikolo, kudzera ku nthambi yoona za umoyo wa ziweto ndi mbewu yotchedwa APHIS.

Lamuloli likuti ng'ombe kapena njati yoweta ikamachoka m'chigawo china kupita m'chigawo china, mwa zigawo 50 za dzikolo, izikhala ndi ndolo ya boma kukhutu. Ndoloyo izitha kuwerengeka ndi maso komanso ndi makina. Ili ndi manambala 15, ndipo atatu oyambawo ndi 840, chizindikiro cha dziko la America. Njati zomwe tikunenazi si zathu za ku Lengwe zija ayi. Ndi zija za linunda ndi ubweya wambiri, zomwe azungu adatsala pang'ono kuzitheratu ndi mfuti m'zaka za m'ma 1800. Lero zambiri mwa izo zimawetedwa m'mafamu ngati ng'ombe, ndipo zimadwala matenda omwewo: chifuwa chachikulu, ndi matenda opolozetsa aja a brucellosis, omwe amagwiranso munthu akamwa mkaka wosawiritsa.

Maganizo anga ndi awa. Lamuloli nlabwino, ndipo lidachedwa. Koma chidalichedwetsa si umbuli wa alimi monga akuluakulu ena amakonda kunenera. Chidalichedwetsa ndi boma lomwe, lomwe kawiri konse lidayesa kuveka ndoloyi osayamba lamva eni ng'ombe.

Tiyambe ndi chifukwa chake ndolo ikufunika. Matenda a ziweto amayenda pa lole. Ng'ombe imabadwira kuno, nkugulitsidwa pa msika uko, nkukanenepetsedwa kwina, nkukaphedwa kwinanso. Dotolo wa ziweto akapeza imodzi yodwala, funso loyamba ndi lakuti: yachokera kuti, ndipo idagona khola limodzi ndi ziti? Akalephera kuyankha msanga, boma limatseka dera lonse, nkupha ndi zosadwala zomwe.

Anthu a ku America adaziona izi mu Disembala 2003. Ng'ombe imodzi yamkaka ku Mabton, m'chigawo cha Washington, idapezeka ndi matenda a misala ya ng'ombe. Atafufuza adapeza kuti idabadwira ku Alberta m'dziko la Canada, ndipo idalowa mu 2001 pamodzi ndi zinzake pafupifupi 80. Boma lidasakasaka zinzakezo kwa milungu ingapo, koma zomwe lidapeza sizidafike ndi theka lomwe. Japan, South Korea ndi maiko ena ambiri adaleka kugula nyama ya ku America, ndipo m'chaka chotsatira malonda a nyama ya ng'ombe kunja adatsika ndi magawo oposa atatu mwa anayi. Zonsezi chifukwa cha ng'ombe imodzi.

Ena mwa inu mudali ku Mangalande mu 2001 pomwe matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi adabuka kumeneko. Mukukumbuka milu ya mitembo ya ziweto ikuyaka m'minda. Ziweto zoposa 6 miliyoni zidaphedwa, ndipo ngakhale chisankho cha aphungu chidasunthidwa kuchoka mu Meyi kupita mu Juni. Matendawo adafala kwambiri ndi nkhosa zomwe zidadutsa m'misika boma lisanadziwe kanthu, ndipo panalibe njira yachangu yozilondolera. Ndipo posachedwapa, mu Malichi 2024, chimfine cha mbalame chidapezeka mu ng'ombe zamkaka ku Texas, nkufika mpaka ku Michigan ndi ku Idaho pamodzi ndi ng'ombe zogulitsidwa. Amene akuti kulondola ziweto nkosafunika afotokoze kaye zinthu zitatuzi.

Nanga bwanji osangopitiriza ndi ndolo zachitsulo zomwe zidalipo kale? Yankho lake nlapafupi. Kuti uwerenge kandolo kachitsulo uyenera kuigwira ng'ombeyo mutu, kupukuta matope, nkulemba nambala pa pepala. Pa msika wa ng'ombe zikwizikwi, wolembayo akaphonya nambala imodzi ndiye kuti njira yatayika. Ndolo yatsopanoyi amangoyandikizako kachipangizo kowerengera, nambala nkulowa yokha mu kompyuta. Siionetsa komwe ng'ombe ili ngati momwe ena amaopera. Ilibe mphamvu yotero. Imangotchula nambala basi, ndipo wowerengayo ayenera kukhala pafupi.

Tsono ngati nkhani ili yomveka chonchi, zidatheka bwanji kuti papite zaka zoposa 20 kuchokera pa ng'ombe ya ku Mabton ija?

Mu 2004 boma lidayambitsa ndondomeko yaikulu yotchedwa NAIS. Lidafuna kulemba m'kaundula khola lililonse, ndi kupereka nambala kwa ng'ombe, nkhumba, nkhosa, mbuzi, akavalo ndi nkhuku zomwe. Makampani akuluakulu a nkhuku ndi nkhumba ankaloledwa nambala imodzi pa gulu lonse la ziweto, pomwe mlimi wamng'ono ankayenera kuveka chiweto chimodzichimodzi. Alimi adafunsa: kaundulayu asunga ndani? Aona ndani? Alipira ndani? Mayankho ogwira mtima sadabwere. Patapita zaka zisanu, ndalama zoposa madola 120 miliyoni zidali zitalowa m'madzi, ndipo alimi omwe adalembetsa adangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu. Mu 2009 unduna wa za malimidwe, motsogozedwa ndi a Tom Vilsack, udazungulira m'mizinda kukamva maganizo a alimi, nkumva mkwiyo wokhawokha. Mu Febuluwale 2010 ndondomekoyo idathetsedwa. Kufunsa komwe kukadayenera kukhala poyamba kudabwera pamaliro.

Mu 2013 padatuluka lamulo lofatsirapo, lokhudza ziweto zokhazo zowoloka malire a zigawo, ndipo lidalola ndolo zachitsulo zomwe boma linkapereka ulere. Ili alimi adalilandira. Koma mu Epulo 2019 nthambi ya APHIS idangotulutsa chikalata cholengeza kuti pofika Januwale 2023 ndolo zamakina zokha ndizo zidzaloledwe. Sidatsate njira yomwe malamulo a dzikolo amafuna, yoti lamulo latsopano lisindikizidwe kaye, anthu apereke maganizo awo, boma liyankhe. Bungwe la alimi a ng'ombe la R-CALF USA lidakasuma ku khoti mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo mwezi womwewo chikalatacho chidachotsedwa. Mu 2021 nthambiyo idavomera kuti idzera pa khomo. Idasindikiza maganizo ake mu Januwale 2023, anthu ndi mabungwe adatumiza ndemanga zoposa 2,000, ndipo lamulo lenileni lidatuluka mu Meyi 2024.

Taonani masamu ake, awerengi. Njira yachidule idawadyera zaka zisanu. Akadayamba ndi kufunsa mu 2019, ndolozi zikadakhala zili kale m'makutu pomwe chimfine cha mbalame chinkabuka. Safunsa adadya phula. Mkulu wa mu ofesi amaganiza kuti popeza akudziwa chabwino, palibe chifukwa chotayira nthawi ndi anthu wamba. Amaiwala kuti ndoloyo saveka ndi iye. Amaveka ndi mlimi, m'khola mwake, m'mawa kukuzizira, popanda wapolisi woima pambali. Mlimiyo akapanda kukhulupirira, lamulo limathera pa pepala.

Sikuti mkangano udatha ayi. Mu Okutobala 2024, lamulo lisanayambe nkomwe, a R-CALF USA ndi anzawo adakasumanso ku khoti ku South Dakota. Bungwe lina lalikulu la alimi a ng'ombe, la NCBA, lidali mbali ya lamuloli. Otsutsawo ali ndi mfundo zitatu, ndipo nkoyenera kuzimva bwino.

Yoyamba ndi ya ndalama. Ndolo yachitsulo idali yaulere, pomwe yamakina imagulidwa madola angapo iliyonse. Kwa mwini ng'ombe 40 si ndalama yoseweretsa. Amene amapindula kwambiri msika wakunja ukatseguka ndi makampani anayi, Tyson, JBS, Cargill ndi National Beef, omwe amapha pafupifupi 85 mwa ng'ombe 100 zilizonse zonenepetsedwa m'dzikomo. Mfundo iyi ndi yoona. Nyumba ya malamulo idapatula madola 15 miliyoni mu 2024 ogulira ndolo zogawa ulere, koma thandizo la chaka chimodzi si lonjezo. Ngati kulondola matenda nkothandiza dziko lonse, dziko lonse lilipire, chaka ndi chaka, ndipo zilembedwe m'lamulo momwemo.

Yachiwiri ndi ya kaundula. Mlimi amaopa kuti chiwerengero cha ng'ombe zake chikafika kwa ogula akuluakulu amugwetsera mtengo, kapena chikafika ku maofesi ena a boma chigwiritsidwa ntchito zina. Mantha otere sachizika ndi kumuseka munthu. Amachizika ndi mawu olembedwa: woona kaundulayu ndi uyu, pa chifukwa ichi chokha, ndipo woulula alangidwa motere. Boma lililonse lomwe likufuna kuwerenga chuma cha anthu ake liyenera kuyamba ladzimanga lokha manja.

Yachitatu ndi yakuti lamuloli likukhudza ng'ombe zochepa kwambiri moti silingathandize. Apa manambala ali mbali yawo. Likukhudza ng'ombe ndi njati zosafula za miyezi 18 kapena kuposerapo, ng'ombe zonse zamkaka, ndi zopita ku zionetsero ndi ku mipikisano. Ana a ng'ombe zanyama opita kokanenepetsedwa sakukhudzidwa, ngakhale kuti ndiwo amayenda kwambiri. Zopita molunjika kokaphedwa nazo zili ndi njira yawo. Zomwe zidavala kale ndolo yachitsulo tsikulo lisanafike zikhala nayo mpaka kufa. Boma lomwe lidawerengera kuti ndi ng'ombe pafupifupi 11 miliyoni pa chaka, pomwe dzikolo lidali ndi ng'ombe pafupifupi 87 miliyoni kumayambiriro kwa 2024. Koma apa ndipomwe ndikusiyana nawo otsutsawa. Denga likamadontha mbali zisanu ndi ziwiri, sugwetsa mbali imodzi yomwe yafoleredwa. Ng'ombe zoberekazi ndizo zimakhala zaka zambiri, nkusintha makola kangapo, nkusunga chifuwa chachikulu mwakachetechete. Kuyambira pa izo nkwanzeru. Chofunika nkukulitsa, ndipo kukulitsako kudzatheka pokhapokha alimi akaona kuti gawo loyambali silidawapweteke.

Wina afunsa kuti ife za ku America zikutikhudza chiyani. Funsani wogulitsa nyama mu Blantyre. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa kapena ku Nsanje, monga akhala akuchitira kangapo, boma limaletsa ng'ombe kutuluka m'Chigwa cha Shire, misika ya ziweto imatsekedwa, ndipo nyama imakwera mtengo m'tauni. Mlimi yemwe ng'ombe zake zili bwinobwino amalangidwa pamodzi ndi mnzake wa khola lodwala, chifukwa palibe angasonyeze kuti iyi idadutsa kuti. Anzathu a ku Namibia adakhazikitsa kaundula wa ng'ombe ndi ndolo zomwezi, ndipo mu 2020 adakhala dziko loyamba la mu Africa kutumiza nyama ya ng'ombe ku America. Tsiku lomwe nkhani ya ndolo idzakule kuno, mafunso adzakhala omwewa: alipira ndani, asunga kaundula ndani, ndipo eni ng'ombe afunsidwa liti.

Akale adati wakutsina khutu ndi mnansi. Ndolo ya ng'ombe nayo ikhoza kukhala mnansi wa mlimi, yomupulumutsa tsiku lomwe khola la mnzake lidzadwale. Koma America, dziko la ndalama ndi makina onse aja, idalephera kuiveka kwa zaka 20 pomwe inkangolamula. Idayamba kutheka pomwe boma lidasindikiza maganizo ake poyera, nkulandira ndemanga 2,000, nkuziyankha. Atsogoleri omwe amaona kufunsa anthu ngati kutaya nthawi awerenge zaka zimenezo.