Intaneti Ikamayenda Ngati Bilimankhwe

Mwezi uno tikambirane za kabokosi kaja kamene kalowa m'nyumba zambiri kuno ku Chongwe, kamene ana athu amakatcha rauta. Kamakhala ndi timagetsi tophethira usana ndi usiku, ndipo ndiko kamagawira intaneti mafoni onse a m'banja popanda waya. Pamene kampani ya Zamnet inalumikiza dziko lathu ku intaneti pa Yunivesite ya Zambia m'chaka cha 1994, zinali za anthu ophunzira kwambiri ndi maofesi owerengeka a mu Lusaka. Lero wophunzira wa ku Chalimbana amatumizirapo ntchito yake ya kusukulu, mlimi wa ku Kanakantapa amafunsirapo mtengo wa matimati pa msika wa Soweto, ndipo agogo amaonerapo nkhope ya mdzukulu wao wa ku Johannesburg. Tsono kabokosiko kakayamba ulesi si nkhani yoseka ayi. Ndalama za bandulo zapita, ntchito ya mwana sinafike kwa aphunzitsi, ndipo m'nyumba mwayamba kulozana zala.

Choyamba kuchidziwa n'chakuti intaneti imayenda maulendo awiri isanafike m'manja mwanu. Ulendo woyamba ndi wochokera pa nsanja ya kampani ya mafoni kufika pa rauta, pakuti marauta ambiri a kuno ali ndi SIM m'kati mwao monga foni. Ulendo wachiwiri ndi waufupi, wochokera pa rauta kufika pa foni yanu, ndipo ndi umenewu umatchedwa Wi-Fi. Ife a ku Chongwe zimenezi sizingativute kumva. Mpopi wa pakhomo ukamangodontha, munthu wanzeru sathamangira kukagula mpopi wina. Amayamba wafunsa kwa mnansi ngati nakonso madzi avuta. Ngati avuta dera lonse, ndiye kuti mtsinje wa Chongwe waphwa, monga umachitira chilimwe chikakula. Koma ngati mnansi akutunga bwinobwino, vuto lili m'paipi ya pakhomo panu. Anthu ambiri amataya ndalama chifukwa cholumpha funso limeneli. Chimene chimawasokoneza ndi timizere ta Wi-Fi tooneka pamwamba pa foni. Timizereto tikadzaza timangonena kuti foni ndi rauta zikumvana. Sitinena kanthu za zimene zikuchitika pakati pa rauta ndi nsanja.

Nanga tingadziwe bwanji ulendo umene wavuta? Sipafunika mmisiri. Imirirani pafupi penipeni ndi rauta, mutsegule kanema kapena tsamba la fast.com, limene limayeza liwiro la intaneti. Kenaka pitani kuchipinda kumene mumadandaulako, mukayezenso. Ngati pafupi zikuthamanga koma kuchipinda zikukwawa, kampani ilibe mlandu. Vuto lili m'nyumba mwanu momwemo. Koma ngati zikukwawa ngakhale mwagundizana ndi rautayo, bwerekani foni imene ili ndi SIM ya kampani yomweyo, muzimitse Wi-Fi, muyeze muli pamalo omwewo. Nayonso ikamachedwa, ndiye kuti madzi aphwa kumtsinje. Yesaninso mbandakucha, anthu akadali m'tulo, mufanizire ndi madzulo. Nsanja imodzi imatumikira anthu ambiri, ndipo onse akaweruka ku ntchito n'kugwira mafoni nthawi imodzi, aliyense amalandira pang'ono.

Pa zonse zimene taziona m'makomo amene timayendera, chofala koposa ndi malo oikapo rauta. Poti n'chinthu cha mtengo, eni nyumba amachisunga monga asungira mbale za alendo: m'kabati, kuseri kwa wailesi ya kanema, penanso pansi pa bedi poopa ana ndi akuba. Cholinga n'chabwino, koma kutero kuli ngati kuitana kwaya n'kuitsekera m'nkhokwe. Mafunde a Wi-Fi ndi achibale a mafunde a wailesi, ndipo amafooka akamadutsa pa khoma lililonse. Njerwa zootcha ndi mabuloko a simenti, zimene timamangira kuno, zimawadya kwambiri kuposa chitseko cha thabwa. Chitsulo ndiye mdani wamkulu: firiji, chitseko chachitsulo, kalilole wamkulu, ngakhalenso denga la malata limene limatchinga mafunde ochokera ku nsanja. Madzi naonso amawamwa, choncho mgolo wodzaza madzi suyenera kukhala pakati pa rauta ndi inu.

Apa pali chovuta pang'ono, pakuti maulendo awiri aja safuna malo amodzi. Ulendo woyamba umafuna kuti rauta ikhale pazenera loyang'ana kumene kuli nsanja. Wachiwiri umafuna kuti ikhale pakati pa nyumba. Ife timati kwa amene akhala kutali ndi mseu wa Great East, kumene nsanja n'zotalikirana, zenera lipambane, chifukwa chimene sichinalowe m'nyumba sichingagawidwe. Ikani rauta pamwamba, poyera, muiyese pa mazenera angapo, muone pamene timagetsi tosonyeza mphamvu ya netiweki tikuyaka tochuluka. Kusuntha kwa mapazi owerengeka kumasintha zinthu modabwitsa, ndipo sikulira ngwee n'imodzi yomwe.

Marauta ena amaonetsa maina awiri, lina lothera ndi 2.4G, lina ndi 5G. Dzina lachiwirili lisakunyengeni: si 5G ija ya nsanja imene MTN inayambitsa m'dziko muno mu 2022, koma ndi mtundu wa mafunde a m'nyumba chabe. A 2.4 amafika patali ndipo amaboola makoma bwino, koma ndi odekha, ndiponso amalimbirana njira ndi marauta a anansi. A 5 amathamanga koma amatopa msanga akakumana ndi khoma. Muli pabalaza sankhani 5, muli kuchipinda kapena pabwalo sankhani 2.4.

Tsopano tifike pa nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi, ya mau achinsinsi olowera pa Wi-Fi. Tinakula ndi mwambo wakuti mnansi samanidwa moto, ndipo ndi mwambo wabwino. Komatu moto ukapalidwa, wanu suchepa, bandulo imachepa. Mwana wanu anauza mnzake mmodzi, mnzakeyo anauza msuweni wake, ndipo madzulo mumangoona anyamata atatsamira mpanda wanu, mitu ili zyoli pa mafoni. Musayambe ndi kukalipa. Tembenuzani rauta, ndipo pansi pake mupeza kapepala kolembedwa manambala onga 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1, pamodzi ndi dzina ndi mau olowera. Mukalemba manambalawo pa foni yolumikizidwa ku rautayo, pamatseguka tsamba loonetsa mafoni onse amene akudya nao. Awerengeni. Ngati m'nyumba muli mafoni asanu koma patsambapo alipo khumi ndi awiri, yankho mwalipeza. Pomwepo mungasinthe mau achinsinsi, ndipo musaike dzina la mwana kapena chaka chimene munabadwa, poti zimenezo mudzi wonse ukuzidziwa. Ngati pali mnansi amene akufunikiradi thandizo, monga mwana wa mai wamasiye amene akukonzekera mayeso, kambiranani poyera, mumlowetse ndi manja anu. Kupatsa kotero kuli ndi ulemu kwa onse awiri, kusiyana ndi kumangong'ung'udza kumbali.

Komabe kawirikawiri wodya kwambiri amakhala wa m'nyumba momwemo. Kanema wooneka bwino kwambiri wa pa Netflix angathe kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi, pamene uthenga wolembedwa wa pa WhatsApp sudya kanthu kwenikweni. Munthu mmodzi akamaonera mpira kapena filimu, amene akufuna kutumiza ntchito ya kusukulu amatsala ndi nyenyeswa. Mafoni ndi makompyuta naonso akangomva Wi-Fi amayamba okha kudzikonza ndi kusunga zithunzi, mwini wake osadziwa. Makolo anzathu, apa pafunika lamulo la panyumba lofanana ndi la pa nsima: wa kusukulu ayambe, oonera mpira adikire kapena achepetse kuoneka bwino kwa kanema wao. Onaninso bandulo yanu, chifukwa ena mwa mabandulo otchedwa opanda malire amatsitsa liwiro mukapyola muyeso wina.

Rauta ndi kompyuta yaing'ono, ndipo imatopa. Kuitulutsa kumagetsi kwa theka la mphindi n'kuiyatsanso kumathetsa mavuto ambiri. Kutentha kwa mu Okutobala nakonso sikuigwirizana, makamaka ikafunditsidwa kansalu kokongoletsa kamene amai athu amakonda kuyala pa chilichonse. Chotsanipo kansaluko, ndipo pazenera paja isaombedwe ndi dzuwa. Koma chenjerani ndi kabowo kakang'ono kolembedwa Reset. Mukakabaya ndi singano, rauta imaiwala zonse zimene munaiuza, kuphatikizapo mau achinsinsi amene munasintha, n'kubwerera mmene inaliri m'sitolo.

Za magetsi tonse tinaphunzira mu 2024, chaka cha chilala, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo malaiti ankazima maola ochuluka tsiku lililonse. Ambiri anagula timabatire toyendetsa rauta, kapena kuilumikiza ku sola, ndipo zinathandiza. Koma ena anadabwa kuona rauta ikuyaka bwino pamene intaneti kulibe. Chifukwa chake n'chakuti nsanja nayonso imadya magetsi, ndipo mabatire ake akatha, kapena anthu a nsanja yozimayo akakhamukira ku nsanja yoyandikana nayo, ulendo woyamba uja umaduka. Chaja ya rauta ikapsa, gulani yofanana mavoti ndi yakaleyo. Manambala ake analembedwa pa chajapo ndi pansi pa rauta, ndipo ambiri ndi a mavoti 12. Chaja yofooka imachititsa rauta kumangozima ndi kuyaka yokha.

Ngati mwayesa zonsezi n'kupeza kuti vuto lilidi pakati pa nsanja ndi nyumba yanu, musagule rauta ina musanabwereke SIM ya kampani ina, kaya Airtel, MTN kapena Zamtel, pakuti imene ikugwira bwino ku Silverest siingakhale yomweyo ku Kasisi. Dziwaninso kuti marauta ena anakhomedwa kuti azilandira SIM ya kampani imodzi yokha, choncho funsani musanalipire. Marauta ena ali ndi polumikizira mlongoti wapanja, umene ungakwezedwe pamwamba pa malata. Starlink, imene inalowa m'dziko muno mu 2023, imatenga intaneti kuchokera kumlengalenga osadalira nsanja, koma mtengo wake ukuyenera sukulu, chipatala kapena mabanja angapo osonkherana kuposa khomo limodzi.

Pokadandaula ku kampani, musapite ndi mau okha akuti zikuchedwa. Lembani m'kope kwa sabata imodzi tsiku, nthawi ndi nambala imene fast.com yaonetsa, ndipo mupemphe nambala ya dandaulo lanu. Kampani ikapanda kuchitapo kanthu, bungwe la ZICTA, limene limayang'anira makampani a mafoni ndi intaneti m'Zambia, limalandira madandaulo otere, ndipo kope lija mupite nalo.