Khasu labwino limayambira m'ng'anjo

Mvula yoyamba itagwa caka catha, mpeni wa pulawo yanga unathyoka pa mzere wacitatu. Ndinaugula motsika mtengo pamsika. Pamene ndinali kufunafuna wina, masiku anai a cinyezi anapita, anzanga atabyala kale.

Mlandu suli pa ng'ombe kapena nthaka ai. Uli pa kaochedwe ka citsuloco. Citsulo ca khasu ciyenera kutenthedwa kufika madigiri 800 mpaka 900, kenaka kuviikidwa mwamsanga m'mafuta kapena m'madzi. Apo cimauma gwa, koma sicicedwa kusweka. Ndiye acibwezere pa moto wocepa, madigiri 200 mpaka 400, kuti cileke ukali. Akadumpha moto waciwiriwu khasu limathyoka. Akaperewera woyamba limapindika ngati lata.

Osula athu akumidzi amadziwa zimenezi ndi maso, ndipo ndimawapatsa ulemu. Nkhwangwa imene atate anasulitsa ku sipulingi ya galimoto ikugwirabe nchito. Koma moto wa makala ndi mvukuto suyaka mofanana: uku kwafiira, uku kukali kozizira. Pa makasu 10, ena amatuluka abwino, ena ai. Nanga mitengo imene ikuthera ku makala?

M'mafakitale amaochera m'ng'anjo za gasi. Mkati mwake muli njerwa zosapsa, moto umalowa mbali zingapo, ndipo kacipangizo kopima kutentha kamaonjezera kapena kucepetsa gasi. Khasu loyamba ndi lothera amapsa cimodzimodzi.

Ena adzati bwanji osagwiritsa nchito ng'anjo zamagetsi. Abale, mwaiwala 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi nkumazima maola 21 pa tsiku? Citsulo sicidikira kuti magetsi abwere.

Sindikunena kuti gasi ngwotsika mtengo. Timamugula kunja. Anzathu a ku Mozambique ali naye ku Pande ndi Temane, koma paipi yao inalunjika ku South Africa kuyambira 2004. Wosula mmodzi sangakwanitse yekha.

Koma makopaletivu athu, amene amadzuka nyengo ya feteleza yokha, angathe kusonkherana ng'anjo yaing'ono imodzi ku Katete kapena ku Petauke, osula nkumabweretsa makasu ao kudzaocha tsiku la msika. Pa msonkhano wa kopaletivu yathu mwezi wamawa ndidzaiika nkhaniyi, ndipo mpeni wothyoka uja ndidzapita nawo.